Khirisimasi pa Njira: Za Ulendo wa Dotolo Livingstone ndi Anthu Ake

Mwezi uno wa Disembala ndiwo mwezi umene munthu aliyense afuna kukhala kwao. Amene ali ku ntchito kutali amayesetsa kubwerera, amayi amasunga nkhuku ndi kampunga pang'ono, ndipo ana amawerenga masiku ndi zala. Tsono pokhala ife tiri pansi pa denga, nkwabwino kuti tikumbukire anthu ena amene masiku omwewa anawapeza ali pa njira zaka 7 zotsatana, kuyambira 1866 kufikira 1872. Anthuwo ndiwo a ulendo wotsiriza wa Dotolo David Livingstone. Dzina la mwini ulendo tonse tilidziwa, koma kawirikawiri sitifunsa kuti anthu akewo ankadya chiyani, ankagona pati, ndiponso tsiku la chikondwerero linkawapeza motani. Izi ndizo tifuna kukamba, ndipo zambiri tizidziwa chifukwa iye mwini ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku m'timabuku take.

Poyamba timvetse mawu akuti ulendo. Masiku ano tikati ulendo tiganiza za kuchoka pano kupita apo, koma kale mawuwa ankanenanso anthu amene ali kuyendawo, ndiwo mzere wautali wa amtengatenga, wina pambuyo pa mnzake m'kanjira kopapatiza, aliyense ndi katundu pa nkhata kapena pa phewa. Ayao a kwa Mataka ankayenda maulendo otere kupita ku Kilwa ndi minyanga ya njovu, ndiponso, chomvetsa chisoni, ndi akapolo. Abisa nawo anali odziwika pa malonda a kutali. Anthu amenewa ankadziwa nyengo yake. Ankakonda kunyamuka mvula itatha, pamene mitsinje yaphwa, udzu wauma, ndipo m'nkhokwe za m'midzi muli chakudya chogula. Kuyenda m'dzinja kunali kudziputira njala ndi matenda. Koma ulendo wa Livingstone unali wa zaka, wosati wa miyezi, ndipo chifukwa chake dzinja liri lonse linkaupeza uli pa njira.

Iye anachoka ku Zanzibar m'mwezi wa Malichi 1866, natsikira pa doko la Mikindani, kumpoto kwa mtsinje wa Rovuma. Anali ndi anthu 36. Mwa iwo 13 anali asilikali a ku India, 10 anali a ku chilumba cha Johanna m'zilumba za Comoro, ndipo 9 anali anyamata a mu Afrika amene anawomboledwa ku ukapolo ali ana naphunzira sukulu ku Nasik, pafupi ndi Bombay. Analiponso Susi ndi Amoda a ku Shupanga pa Zambezi, ndi anyamata awiri Achiyao, Chuma ndi Wikatani, amene anamasulidwa m'manja mwa ogula akapolo mu 1861 nakhala pa mishoni ya ku Magomero. Anatenganso ngamira 6, njati zoweta za ku India, nyuru ndi abulu, pofuna kuona ngati zingapirire kashembe. Koma ziwetozo zinatha kufa ulendo usanafike ku nyanja, zina ndi kashembe, zina chifukwa cha nkhanza za oziyendetsa. Chotero katundu yense anabwerera pa mitu ya anthu.

Anthunso anayamba kuchepa. Asilikali a ku India anabwezedwa kwa Mataka chifukwa cha ulesi ndi kusamvera. Ulendo unafika pa nyanja yathu pa 8 Ogasiti 1866, ndipo posowa chombo chowolokera ku Nkhotakota, unazungulira kummwera. Wikatani anatsalira kwa Mponda. Kumapeto kwa Sepitembala, anthu a ku Johanna atamva mbiri ya nkhondo ya Angoni kutsogolo, anatula akatundu nabwerera, mtsogoleri wao ali Musa. Ndipo pofika ku Zanzibar ananama kuti Livingstone waphedwa, kuti alandire malipiro ao. Bodza limeneli linaululika mu 1867 pamene E. D. Young anakwera Shire kudzafufuza. Tsono pamene ulendo unayamba kukwera mapiri a kumadzulo kwa nyanja kulowa m'dziko la Achewa, otsala anali ngati khumi okha, ndipo ambiri a iwo anali anyamata.

Tiyeni tione tsiku la pa ulendo monga linkakhalira. Anthu ankadzuka kusanache, namanga akatundu, nanyamuka kukali chisisira. Katundu wa munthu mmodzi pa maulendo a masiku amenewo ankalemera mapaundi 60 kapena kuposa, ndipo wambiri anali nsalu, mikanda ndi waya wa mkuwa, pakuti zimenezi ndizo zinali ndalama. Ufa, nkhuku, bwato lowolokera, munthu wosonyeza njira, zonse zinkagulidwa ndi mkwamba wa nsalu kapena chingwe cha mikanda. Chotero mtengatenga ankasenza pamutu pake chakudya chake cha miyezi ya kutsogolo, ngakhale chinali chosadyeka kufikira atapeza mudzi wovomera kusinthana naye. Dzuwa likafika pamutu ankayesetsa kukhala atafika. Akafika pa mudzi, mwini ulendo ankayamba waonekera kwa mfumu, napereka mphatso, nalandira nyumba yogonamo. Akagona m'thengo, ena ankadula mitengo ndi udzu kumanga misasa, ena kutunga madzi, ena kutola nkhuni. Usiku Livingstone ankayesa nyenyezi ndi zipangizo zake kuti adziwe pamene ali, nalemba za tsikulo. Tsiku la Sabata ankakonda kupumula ndi kupemphera pamodzi, ngati njala siinawakakamize kuyendabe.

Popeza anthu khumi sakanatha kusenza akatundu onse, ulendo unkadalira eni dziko mudzi ndi mudzi. Mfumu ina ya kummwera kwa nyanja, imene iye analemba dzina lake kuti Kimsusa, itaona kuti anyamata ake akana, inatenga akazi ake, ndipo iwo ndiwo anasenza akatunduwo kufikira m'tsinde mwa mapiri. M'dziko la Achewa anapeza midzi yambiri yotchingidwa ndi mipanda ya nkhadze, minda yolimidwa bwino, ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo, nayamika luso la osula makasu. Amuna a mudzi umodzi ankaperekeza ulendo kufikira mudzi wotsatira, nalandira nsalu, nabwerera kwao. Koma pamene anayandikira malo amene nkhondo ya Angoni inapitapo, anthu ankaopa kutalikira malinga ao, ndipo nthawi zina anyamata aja ankasiya akatundu ena ndi owalonda, napititsa ena patsogolo, nabwereranso kudzatenga otsalawo. Njira imodzi nkuiyenda katatu. Mvula inayamba ali m'dera la mtsinje wa Bua, ndipo pakati pa Disembala anawoloka Luangwa, m'dziko limene lero titcha Zambia.

Ife alimi tidziwa bwino chimene mwezi wa Disembala uli. Chimanga chakale chiri pafupi kutha m'nkhokwe, chatsopano chikali chaching'ono m'munda, ndipo mayi wanzeru amayamba kuchepetsa mtanda. Ngati ziri chomwecho pa mtendere, nanga kotani m'dziko limene nkhondo yatentha nkhokwe? M'chigwa cha Luangwa nyama zinali zambiri, ndipo mfuti inkawathandiza, koma ufa unali wosowa. Chuma chachikulu cha Livingstone pa chakudya chinali mbuzi zinayi za mkaka zimene ankayenda nazo, pakuti chakudya chiri chonse chikakhala choipa, mkaka pang'ono unkachikonza, ndipo m'mimba mwake munali movuta kuyambira kale. Tsono pa tsiku lenileni la Khirisimasi, pa 25 Disembala 1866, mbuzi zinayizo zinatayika m'nkhalango, kapena zinabedwa, kapena zinasokera. Anazifunafuna osazipeza. Iye analemba kuti kutayika kwake kunamupweteka koposa m'mene akanaganizira, ndi kuti chomutsalira chinali phala losakoma, limene linkamulotetsa zakudya zabwino usiku. Imeneyo ndiyo inali Khirisimasi yoyamba ya ulendowo.

Chaka chatsopano chinawapeza atakwera mapiri a Muchinga, ali m'dziko la Abisa, limene nalonso linali litapasuka ndi nkhondo. Eni dziko ankakhalira bowa, zipatso za m'thengo ndi masamba. Mawere pang'ono amene ankapezeka anali a mtengo wapatali, ndipo ufa wake unkakukuta mano ndi kupweteka m'mimba. Pa mapiripo nyama zinali zosowa. Mvula inkagwa pafupifupi tsiku liri lonse, njira zinali zoterera, ndipo madambo anali odzala madzi. Mnyamata wosenza mawotchi oyesera malo anagwa nao, ndipo kuyambira pamenepo mawerengedwe a malo anayamba kulakwika. Livingstone anafupikitsa lamba wake ndi mabowo atatu kuti aziziritse njala. Pa 15 Januwale 1867 anawoloka dambo lalikulu la madzi ofika m'chuuno, lotambalala ngati mailo imodzi, ndipo pokhala aliyense anali kusamala mapazi ake, palibe anakumbukira kagalu kao kotchedwa Chitane, kamene kankathamangitsa agalu a m'midzi ndi kulonda msasa usiku. Kanasambira kufikira mphamvu zitatha, nikamira.

Patapita masiku asanu chinachitika choopsa koposa. Pa ulendopo panali amuna awiri Achiyao amene analowa pa njira, ndipo kufikira tsikulo anali okhulupirika. M'mawa wa pa 20 Januwale mmodzi wa iwo anapempha kusinthana katundu ndi mnyamata wina dzina lake Baraka, monga ngati afuna kumpeputsa. Katundu wa Baraka ndiye anali bokosi la mankhwala. Atalowa m'nkhalango yowirira, awiriwo anathawa, natenga bokosilo, mbale, wonga, mfuti ziwiri ndi ufa umene unagulidwa movutika kuti uwafikitse ku mtsinje wa Chambeshi. Mvula yamphamvu inafafaniza mapazi ao. M'bokosimo munali kwinini, ndiye mankhwala okhawo amene pa nthawiyo ankagonjetsa malungo. Livingstone anadziona ngati munthu woweruzidwa kuti afe, pokumbukira Bishopu Mackenzie, amene mankhwala ake anamira bwato litagubuduka, namwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo athira mu Shire.

Apa pali chinthu chofunika kuchilingalira. Nkwapafupi kwa ife okhuta kuwatcha amuna awiri aja akuba ndi kutha nao pomwepo. Koma mwini wake wobedwayo sanatero. Iye analemba mowachepetsera mlandu, pokumbukira kuti anagulitsidwa ukapolo ali ana, m'mene munthu saphunziramo ulemu kapena kukhulupirika, ndi kuti njala, mvula ndi kutopa zinali zokwanira kufooketsa munthu aliyense. Chomvetsa chisoni nchakuti bokosilo kwa iwo linali lopanda ntchito, ndipo iye anaganiza kuti akalitsegula adzangolitaya m'thengo. Tikawayesa motero awiri othawawo, tiyeneranso kuwayesa bwino otsalawo. Njala imene inathawitsa awiri inaluma onse mofanana. Susi, Chuma, Amoda ndi anzao ankaona bwino kuti mwini ulendo alibe mphamvu yowagwira akafuna kuchoka, ndipo malipiro ao anali lonjezo lokha la ku gombe lakutali. Komabe m'mawa mwake anasenzanso. Anawoloka Chambeshi kumapeto kwa Januwale, ndipo pa 31 anafika pa linga la Chitapangwa, mfumu ya Abemba, amene anawapatsa ng'ombe. Kumeneko anakhuta koyamba patapita milungu yambiri, napezanso amalonda a ku gombe amene anawatengera makalata ku Zanzibar. Koma malungo sanachedwe, ndipo pofika ku nyanja ya Tanganyika kuchiyambi kwa Epulo, Livingstone anadwala mpaka kukomoka.

Zaka zotsatira zinabweretsa ma Khirisimasi a mitundu ina. Mu 1868, katundu wake atachepa kwambiri, anali kuyenda pamodzi ndi ulendo waukulu wa amalonda Achiarabu wolunjika ku Tanganyika, ndipo mu ulendomo munalinso akapolo. Munthu amene ankadana ndi malonda a anthu ndi mtima wake wonse anafika podalira ochita malondawo kuti akhale ndi moyo, pakuti m'dziko la nkhondo anthu ochepa sakanatha kuyenda okha. Amalondawo, pokhala ndi mkuwa wambiri, ankagula zokoma zonse, pamene iye sanathe kupeza ngakhale nkhuku. Chotero pa Khirisimasi anapha kambuzi kamene ankakakonda kuti anthu ake alaweko nyama. M'Januwale 1869 anadwala chibayo kotero kuti ananyamulidwa pa machira, ndipo amene anamsamala anali Mwarabu, Mohamad Bogharib. Pofika ku Ujiji m'Malichi anapeza kuti katundu amene anaitanitsa ku Zanzibar wabedwa pafupifupi yense. Mu 1871 Khirisimasi inampeza ku Ujiji komweko ali ndi H. M. Stanley, amene anabwera kudzamfuna. Chaka chimenecho chakudya chinalipo chochuluka, chogulidwa pa msika, koma wophika anachipsereza, ndipo phwando linalephereka. Patapita masiku awiri ananyamukanso kupita ku Unyanyembe.

Khirisimasi yotsiriza inali ya 1872. Stanley atabwerera ku gombe anamtumizira amuna oposa 50, ndipo ulendo unachoka ku Unyanyembe m'Ogasiti kulunjika ku nyanja ya Bangweulu. Tsopano unali ngati mudzi woyenda. Munali akazi, monga Halima, mkazi wa Amoda, amene ankaphikira Livingstone ndipo iye ankamyamika chifukwa cha kukhulupirika kwake, ndi Ntaoeka, amene anakwatiwa ndi Chuma. Munali ng'ombe, abulu, ndi mnyamata woomba ng'oma. Pa 25 Disembala kunali kozizira ndi konyowa usana ndi usiku, ndipo mwini ulendo anali wofooka ndi matenda otaya mwazi. Koma tsikulo anapumula. Iye anayamika Mulungu chifukwa cha mphatso ya Mwana wake, napha ng'ombe, nagawira munthu aliyense fundo limodzi ndi theka la mikanda. Fundo linali zingwe 10 za mikanda zomangidwa mfundo imodzi, ndipo ndi mikandayo munthu ankatha kudzigulira ufa kapena ndiwo monga afuna. Analembanso chinthu china chimene chinakometsa tsikulo, ndicho chakuti mfumu ya mudziwo inali yaulemu ndi yopatsa, yosiyana ndi ena amene ankakana kugulitsa, kukana kulankhula, ndi kukana kusonyeza njira.

Tikayerekeza Khirisimasi yoyamba ndi yotsiriza tiona kuti mvula inali yomweyo, matope omwewo, ndipo thupi la mwini ulendo linali loipirapo mu 1872 kuposa mu 1866. Chosiyana chinali chakuti pa yotsirizayo panali chogawana, ndiponso panali mudzi wowalandira. Ichi ndicho chinali chikhalidwe cha ulendo uli wonse wa masiku amenewo: sunkatha kusenza chakudya cha miyezi, tsono moyo wake unali m'manja mwa amayi osinja ndi mafumu a m'midzi imene unkapitamo. Ndipo tisafulumire kuwatsutsa amene ankakana. Ambiri a iwo anali ataona kale maulendo ena akufika mwaulemu madzulo ndi kuchoka m'mawa ndi ana ao m'magoli, ndipo mlendo wopempha ufa m'Januwale ankapempha chakudya cha ana a mwini nyumba. Amene anapatsa, anapatsa pa kusowa kwao.

Mathero a ulendowo adziwika. Atavutika miyezi inayi m'madambo a Bangweulu, Livingstone anamwalira kwa Chitambo ku Ilala pa 1 Meyi 1873. Anthu ake, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wake pansi pa mtengo wa muula, umene a kumeneko amautcha mpundu, ndipo Jacob Wainwright, mmodzi wa ophunzira a ku Nasik, analemba dzina lake pa mtengowo. Thupi analiumitsa ndi mchere ndi dzuwa, nalikulunga, nalisenza mailosi oposa 1,000 kufikira ku Bagamoyo, kumene anafika m'Febuluwale 1874. Motero Khirisimasi ya 1873 inawapezanso ali pa njira, opanda wowalamula, atasenza katundu amene mafumu ambiri sakanalola kuti apite m'dziko lao akadadziwa. Anasunganso timabuku take tonse. Thupi linaikidwa ku Westminster Abbey mu London pa 18 Epulo 1874, ndipo mwa onse osenzawo Jacob Wainwright yekha ndiye analipo. Susi ndi Chuma anafika ku England pambuyo pake, nathandiza Horace Waller kulongosola zolembazo ndi kufotokoza za masiku otsiriza. Enawo analandira malipiro ao nabalalika.

Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo mbiri iyi ichitira umboni mawuwo. Zimene Livingstone anaona ndi kulemba zinathandiza kugwetsa malonda a akapolo m'maiko athu ano, koma sakanaona kanthu popanda mapewa a anyamata aja, miphika ya Halima, akazi a Kimsusa, ndi ufa wa amayi ambirimbiri a m'midzi ya Ayao, Achewa, Abisa ndi Abemba, amene maina ao sanalembedwe. Ena a iwo angakhale makolo a inu amene muli kuwerenga. Tsono pophunzitsa ana mbiri imeneyi tisatchule dzina limodzi lokha. Ndipo mwezi uno, mvula ikamagwa madzulo, munthu wa pa njira akaodira pakhomo panu nkhokwe iri pafupi kutha, kumbukirani mfumu ija ya mu 1872. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma anthu a ulendo uja anagona okhuta usiku umenewo, ndipo za kupatsa kwa mfumuyo tiri kuziwerengabe patapita zaka zoposa 150.